Lole ya Che Twaibu pa Mulunguzi

1. Wolemba ndi cholinga chake

Dyson Elifala Namakhwa, wa ku Chikamveka, mu mzinda wa Zomba.

Ine mwini dzina lili pamwambali ndaona kuti ndi bwino kulemba nkhani ino poyankha anthu amene amaima pa khonde langa ndi kufunsa za timalole timene ndimapanga, toyendetsedwa ndi rimoti. Ambiri amafunsa za zipangizo. Ndizitchula mwachidule, koma ndikhalitsa pa lole yoyamba imene ndinapangira munthu wina, popeza ndi imene inandipatsa ntchito yomwe ndikuigwirabe mpaka lero.

Ndinali mesenjala mu ofesi ina ya boma kuno ku Zomba. Sukulu sindinapite nayo patali. Kalembedwe ndinakaphunzira pa makalata amene ankadutsa m'manja mwanga, ndipo za magetsi ndinaziphunzira pomasula mawailesi akufa amene anzanga ankataya. Nditapuma pa ntchito ndinaika tebulo pa khonde ndi kuyamba kukonza mawailesi, matochi ndi maayironi. Timalole sitinali malonda. Tinali tongopumulirapo ntchito ikachepa, ndipo ndinalibe maganizo opangira munthu aliyense.

2. Zipangizo ndi kapangidwe

Chesisi, chitsulo chapansi chonyamula thupi lonse la lole, ndimadula ku njanji ya aluminiyamu yopachikapo makatani. Kabini ndimapanga ndi paipi ya pulasitiki yotayira madzi: ndimaing'amba m'litali ndi sowo, kuiwamba pa mbaula mpaka ifewe, kenako kuipanikiza pakati pa matabwa awiri kuti iwongoke ngati lata. Ikakhalitsa pa moto imachita matuza ndipo penti sagwira. Masipuling'i ndi zidutswa za mpeni wa sowo yodulira zitsulo, zosanjikiza monga zimakhalira pa lole yeniyeni. Matayala ndimasema ku labala wokhuthala amene osoka nsapato amaika kupansi, mapanga ake ndimagoba ndi tupa. Mota ndi ya dirilu ya batire imene eni ake anaitaya, pamodzi ndi magiya ake, chifukwa imakoka mwamphamvu koma mosathamanga. Mabatire ndimachotsa m'malaputopu akufa, ndipo lililonse ndimaliyesa pa mita ndisanaliwotcherere ndi mtovu.

Zimene sindingathe kupanga ndi izi: rimoti pamodzi ndi kabokosi kolandira uthenga wake, kabokosi kena kolamula liwiro la mota, ndi sevo, komwe ndi kamota kotembenuza matayala akutsogolo. Zimenezi amanditumizira mlamu wanga amene ali ku Joni.

3. Mmene ntchitoyo inabwerera

Tsiku lina kunabwera mayi wina, a Mariamu, ogulitsa zitenje mu msika waukulu. Anabweretsa wailesi ya bambo awo kuti ndiikonze. Anandipeza ndikuyendetsa kalole kanga pa khonde, katanyamula tinthu tanga kuchokera pa tebulo kupita pa chitseko. Anaima nthawi yaitali wailesi ili m'manja. Kenako anandiuza kuti bambo awo, Che Twaibu, a ku Masongola, anali dalaivala wa malole otsitsa mitengo ya paini kuchokera m'phiri la Zomba, ndipo matenda a shuga anawadulitsa mwendo wakumanzere, wopondera kilatchi. Chibwerere kuchipatala ankakhala pa mpando wamatayala, umene timautcha chikuku, kuseri kwa nyumba, nkhope kuloza ku mpanda. Anzawo akabwera ankatumiza uthenga wakuti agona. Wailesiyo, anatero a Mariamu, inalibe vuto lenileni. Anangofuna chinthu choti abwere nacho kunyumba, mwina bambo angatembenuke.

Anapempha kuti ndipange lole yofanana ndi imene bambo awo ankayendetsa. Ndinayankha kuti sindipangira anthu. Iwo anasiya wailesi ija pa tebulo, ndipo pansi pake anasiya chithunzi cha lole ya kabini yabuluu, yodzaza zipika, bambo wamtali wa kofia ataima pa chitseko. Pobwera kudzatenga wailesi sanafunsenso za lole. Ndine ndinafunsa tsiku loti ndikaone bambowo.

Che Twaibu anandilandira mopanda chidwi. Anali munthu wa manja akuluakulu ndi mawu ochepa. Ndinayendetsa kalole kanga pa bwalo lawo, kenako ndinawapatsa rimoti, yomwe ili ndi timitengo tiwiri tokankha ndi zala zazikulu. Anaitembenuza uku ndi uku ndi kundibwezera.

“A Namakhwa, izi n'zodinira wailesi yakanema. Lole imayenda ndi chiwongolero.”

Ndinati chiwongolero chingathe kupangidwa. Apa m'pamene anandiyang'ana koyamba. Anayamba kufotokoza lole yawo mwatsatanetsatane: galasi lakumanzere lomangidwa ndi waya, bampala yakutsogolo yopangidwa ndi njanji, hutala ya mawu awiri imene anthu a m'munsi mwa phiri ankaizindikira isanatulukire pa khona. A Mariamu pondiperekeza anandiuza chinthu chimene bambo awo sanatchule. Zaka zonse zimene anatsika msewu wa phiri uja, wopapatiza, wa makhona okhaokha, chigwa chili mbali imodzi, sanachitepo ngozi ngakhale yogunda nkhuku. Madalaivala anzawo ankawatcha Che Sanagunde. Mwendo unapita, lole inagulitsidwa kalekale, chimene chinawatsalira ndi dzina limenelo.

Ntchito inanditengera nyengo yonse yozizira. Lole sinandivute kwenikweni. Chovuta chinali chiwongolero. Ndinamasula rimoti ndi kuchotsa kamtengo kowongolera, ndipo mawaya ake ndinawalumikiza ku chokwezera mawu cha wailesi yakale, popeza mkati mwake zimagwira ntchito mofanana. Pamwamba pake ndinamangapo tayala la kangolo ka mwana, lokulungidwa ndi chubu, ndi lamba wa chubu chomwecho wobwezera chiwongolero pakati munthu akachisiya. Kamtengo kachiwiri ndinakatalikitsa ndi chogwirira cha ambulera kuti kakhale ngati giya: kutsogolo, pakati, kumbuyo. Hutala ndinaika pa batani la belu la pa chitseko. Zonsezi ndinazikhoma pa thabwa lokhala mopingasa pa mikono ya chikuku. Ndinayesa pa bwalo langa ndipo zonse zinamvera.

Nditamaliza ndinapempha kuti Che Twaibu ayambe azolowera pa bwalo lawo. Anakana. Anati lole ya mitengo siyesedwa pakati pa khitchini ndi bafa, imayesedwa ku phiri. A Mariamu atamva kuti bambo awo afuna kutuluka sanadikirenso mawu ena. Anapeza galimoto ya mnzawo wa mu msika, ndipo anaitana madalaivala akale amene anagwira nawo ntchito kuti adzaonerere.

4. Tsiku la ku Mulunguzi

Linali Loweruka m'mawa. Nkhungu inali itangochoka pamene tinafika pafupi ndi damu la Mulunguzi, pamalo pomwe msewu wa miyala umatambasuka, ngalande ya madzi ili mbali imodzi, nkhalango ya paini mbali inayo. Ine ndinavala jekete ndi tayi, monga ndimachitira popereka ntchito. Madalaivala akale anali atafika kale. Wowatsogolera pa zolankhula anali a Magombo, mkulu wa mpingo ku CCAP, amene anayendetsa lole yotsatana ndi ya Che Twaibu kwa zaka zambiri, munthu wa nthabwala zosatha. Amayi ogulitsa zipatso m'mbali mwa msewu anasendera ndi mabeseni awo.

Ndinasanja pa lole nthambi za paini zodulidwa mofanana ngati zipika ndi kuzimanga ndi katcheni. Che Twaibu analamula kuti ndiwanyamulire lole pamiyendo. Anapanikiza tayala lililonse ndi chala, anagwedeza katcheni, naona galasi lakumanzere ndi waya wake. Ndinaika lole pansi patsogolo pa chikuku. Anati Bisimila, analiza hutala, nakankha giya.

Lole inanyamuka mwaulemu, mosagwedeza katundu. Inawongoka, inazemba mwala, inazemba kadzenje. Sindinaonepo munthu woyamba kumene akuyendetsa chomwecho. A Magombo anavula chipewa ndi kunena kuti fungo la dizilo lokha ndi limene likusowa. Lole itafika kumapeto kwa malowo, Che Twaibu anaitembenuza bwinobwino, ndipo inayamba kubwerera, nkhope kuloza kwa iwo. Inasendera pang'ono ku ngalande. Anakhotetsa chiwongolero kuti aichotseko, koma lole inasenderanso. Anakhotetsa kwambiri. Lole inalowa mu ngalande ndi kugona chammbali, zipika mbwee, matayala akuzungulira m'mwamba.

A Magombo ndi amene anayamba.

“Achimwene, zaka zonse zija mumangodikira kuti mboni zikwane? Che Sanagunde agunda, ndipo palibe ngakhale mbuzi yoinamizira.”

Anthu anaseka, Che Twaibu nawonso anaonetsa mano. Ndinatulutsa lole, kuipukuta ndi kusanjanso katundu. Ulendo wachiwiri unapita chimodzimodzi: popita mosalala, pobwera lole inakhotera kumene sanaitume ndipo inagunda beseni la mayi wina. Ulendo uno oseka anachepa, ndipo kuchepako kunali koipa kuposa kuseka kuja. Mmodzi wa madalaivala anayang'ana ku damu. Wina anayamba kufunsa mtengo wa zipatso.

“A Namakhwa,” anatero Che Twaibu, “mawaya anu mwazondotsa.”

Ndinanyamula lole ndi kupempha kuti akhotetse kumanja. Matayala anakhotera kumanja. Kumanzere, chimodzimodzi. Mawaya analibe mlandu, ndipo pano ndiyenera kufotokozera owerenga chimene chinkachitika. Kalole kakamachoka kwa munthu, dzanja lake lamanja ndi lamanjanso kwa kaloleko. Kakatembenuka ndi kumabwera kwa iye, zimasinthana: akakhotetsa kumanja, maso ake amaona kakupita kumanzere. Woyendetsa ndi rimoti amazolowera zimenezi mpaka kuiwala kuti zilipo, monga ndinali nditaiwalira ine. Koma manja a Che Twaibu anaphunzira mkati mwa kabini, mmene dalaivala ndi lole amayang'ana kumodzi nthawi zonse. Luso lomwe linawasunga pa makhona a phirilo ndi limene linkawagwetsa mu ngalande. Munthu wosadziwa galimoto akanazolowera msanga kuposa iwo.

A Mariamu ankandiyang'ana ndi maso ondipempha kuti ndingovomera mlanduwo. Kuvomera kunali kosavuta, ndipo pa rimoti pali kaswitchi kotembenuza sevo. Koma ndikanakadina, lole ikanamvera pobwera ndi kupanduka popita, ndipo ngozi yachitatu ikanakhala yopanda womunamizira. Kunena kuti vuto ndi woyendetsa, pamaso pa anthu amenewo, sikunali kotheka. Ndili mkati moganiza, a Magombo anatambasula dzanja ndi kupempha kuti awapatse thabwalo ayeseko, mwina chiwongolero chikufuna Mkhristu. Anali kufuna kupeputsa nkhani, koma Che Twaibu sanaseke. Anachotsa manja pa chiwongolero ndi kuwaika pamiyendo, nauza mwana wawo kuti kunja kukuzizira, aitane galimoto azipita kunyumba. Ndinadziwa kuti akatsika phirilo motero abwerera kuseri kwa nyumba kuja, ndipo dzina lija likhala nthabwala ya mu msika.

Ndinaima patsogolo pawo ndi kulankhula mokweza kuti onse amve.

“Che Twaibu, mawaya ali bwino, manja anunso ali bwino. Cholakwika ndi pamene takuimikani. Kodi munayendetsapo lole mutakhala panja, kutsogolo kwa bampala?”

Anayang'ana lole, kenako chiwongolero, ndipo ine ndinapitiriza.

“Malo a dalaivala ndi kuyang'ana kumene lole ikuyang'ana. Lolani chikuku chitsate lole. Ikakhota, nanunso mukhota.”

“Akankha ndani?”

“Ine.”

Anandiyang'ana kuyambira ku nsapato mpaka ku khosi.

“Ndiye kuti mukufunsira uasisitanti. Asisitanti wanga savala tayi.”

Ndinavula jekete ndi tayi ndi kupatsira a Mariamu. Ndinapinda malaya, kuika lole patsogolo pa chikuku, ndi kugwira zogwirira.

Ntchito ya uasisitanti ndinali ndisanaigwirepo, ndipo si yopepuka kwa munthu wa msinkhu wanga. Matayala a chikuku amakana pa miyala. Lole ikakhota, wokankha ayenera kuzungulira bwalo lalikulu kuposa lole yomwe, mofulumira, kuti dalaivala asaione chammbali. Pa khona yoyamba ndinachedwa ndipo ndinauzidwa kuti ndikugona pa ntchito. Pa yachiwiri ndinathamanga mpaka phazi lawo linatsala pang'ono kukhudza zipika, ndipo ndinauzidwa kuti asisitanti sapitirira galimoto. Pa yachitatu sanandipeze ndi cholakwa. Tinadutsa m'mbali mwa ngalande ija, tayala likuyenda m'mphepete mwenimweni osagweramo, ndipo ndikukhulupirira kuti anachita dala.

Sanabwerere kwa anthu aja. Analoza lole ku kanjira kokwera kolowa m'nkhalango, madalaivala akale akutitsata pambuyo ngati maliro. Pakati pa chitunda anabweza giya pakati ndipo lole inaima, koma inayamba kutsetsereka chambuyo pang'onopang'ono chifukwa cha katundu.

“Mwala,” anatero Che Twaibu.

Sindinamve chimene ankatanthauza. A Magombo anandifotokozera mwachangu kuti lole yodzaza ikaima pa chitunda, asisitanti amadumpha ndi kuika mwala kumbuyo kwa tayala, ndipo amene sadziwa zimenezi amatsitsidwa pa depoti yoyamba. Ndinati sindingasiye chikuku pa chitunda. Iwo anawerama, mawondo akulira, natola mwala waukulu ndi kuutsamiritsa ku tayala la chikuku. Ine ndinatola kamwala ndi kukaika kumbuyo kwa tayala la lole. Zonse ziwiri zinaima.

Titatsika, a Magombo anati kupita kutsogolo ngakhale ng'ombe imatha, dalaivala amadziwika pa rivesi. Anavula nsapato zawo ndi kuziika pansi motalikirana pang'ono kuposa m'lifupi mwa lole, naima pa miyala ndi masokosi okha. Anati Che Twaibu akaponda nsapato ya mkulu wa mpingo, abwere ku tchalitchi Lamulungu. Che Twaibu anayankha kuti akapanda kuponda, a Magombo adzaonekere ku mzikiti Lachisanu, popeza nsapato avula kale. Ndinakoka chikuku chambuyo mpaka chinadutsa nsapatozo, lole ikutitsata ndi matako. Dalaivala anagwira chiwongolero ndi dzanja limodzi, mutu utapendekeka ngati akuyang'ana m'galasi. Lole inadutsa pakati osakhudza ngakhale chingwe cha nsapato. Analiza hutala kawiri.

Mmodzi wa madalaivala anafunsa kuti nanga za mu ngalande zija tiziwerenga bwanji. A Magombo, akuvala nsapato, anaweruza kuti lole inagwa dalaivala ali panja, choncho imeneyo ndi ngozi ya handibuleki, ndipo siilowa pa dzina la munthu. Onse anavomereza. Mayi wa beseni uja anati yake ija ailipire pogula zipatso, ndipo a Mariamu anagula beseni lonse. Za kuzizira sizinatchulidwenso. Tinatsika phiri dzuwa litapendeka, lole ili pamiyendo pa mwini wake.

5. Zimene ndinasungapo

Chichitikire zimenezi ndapangira anthu angapo timalole, ndipo ndisanadule njanji ndimayamba ndafunsa kuti woyendetsayo ndi ndani, manja ake anazolowera chiyani, ndipo adzaima pati. Kuyesa lole ndi manja anga sindikuwerenganso ngati kuyesa, chifukwa manja a wopanga amabisa zinthu. Sindiperekanso lole pamaso pa gulu mwini wake asanaione ikubwera kwa iye.

Ponena za Che Twaibu, Loweruka lililonse ndimatseka khonde masana ndi kupita ku Masongola. Timayenda m'misewu ya kumeneko, lole kutsogolo, chikuku pambuyo, ine pambuyo penipeni, ndipo a Magombo amabwera akapeza mpata kudzatsutsa kayendetsedwe. Ku mzikiti a Magombo sanapitebe. Amati akudikira kuti nsapato zawo zithe kaye.

Msana wanga sugwirizana ndi ntchitoyi. Motero tsiku lina ndinafotokozera Che Twaibu kuti kuyendetsa lole ikubwera kumaphunzirika, ndipo munthu wa manja ngati awo angazolowere mwezi usanathe, n'kumayendetsa atakhala pa khonde popanda wowakankha. Anamvetsera mpaka kumapeto. Kenako anandiuza kuti zimenezo anaziphunzira kale okha, kuseri kwa nyumba, masiku amene ine kulibe.

“Nanga bwanji ndikukankhabe?” ndinafunsa.

“A Namakhwa, ine sindinachotsepo asisitanti ntchito popanda mlandu. Tiyeni, chitunda chija chikutidikira. Mwala mwatenga?”

Ndinali nditautenga. Umakhala m'thumba la jekete imene ndimavula pofika pa geti.

Izi ndi zimene ndinali nazo zoti ndifotokoze, ndipo ndazilemba monga zinachitikira.

Ndine,

D. E. Namakhwa
Wokonza mawailesi, wopanga timalole, asisitanti wa Che Twaibu

Chikamveka, Zomba, tsiku lakhumi ndi chiwiri la mwezi wa Okutobala, chaka cha 2024